Helemeti ya woyendetsa helikopita: ndigule iti, ndipo ndiziyisamala bwanji?

Kabawi_R44:

Moni akuluakulu nonse. Ndatsala pang'ono kumaliza maphunziro a laisensi ya ntchito ku Johannesburg, pa mahelikopita a Robinson R22 ndi R44, ndipo ntchito imene ndikuyembekezera ndi youluka m'munsi, kuwerenga nyama ndi kulondera nkhalango. Mpaka pano ndimavala mahedifoni okha. Pa intaneti ndaona helemeti ya SPH-4 yakale ya asilikali pa mtengo wotsika kwambiri, pomwe zatsopano monga MSA Gallet LH250, Alpha Eagle, Evolution ndi Gentex HGU-56/P mitengo yake ndi yoboola m'thumba. Kodi yakaleyo ingandithandize? Ngati ayi, posankha ndiyang'ane chiyani, ndipo ndikagula ndiziyisamala motani kuti ikhalitse?

Mkulu_wa_Hangar:

Achimwene, poti mudzauluka m'munsi, zoti muvale kapena ayi zisakhalenso nkhani. Kafukufuku wa ngozi za mahelikopita a asilikali a ku America wofalitsidwa mu 1991 adapeza kuti pa ngozi zoti munthu akadapulumuka, osavala helemeti ankafa ndi mabala a m'mutu kuwirikiza ka 6 poyerekeza ndi ovala. Zina mwa ngozi zotere ndi kukola waya, kugubuduka potera pamalo otsetsereka, kapena kutera mwamphamvu injini itazima, mutu n'kumenya chimango cha chitseko.

SPH-4 ija isiyeni. Idayamba kuvalidwa cha m'ma 1970, nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, ndipo makapu ake a m'makutu ndi olimba. Munthu akamenyeka cham'mbali, kapuyo imapatsira mphamvu yonse ku tsinde la chigaza. N'chifukwa chake SPH-4B ndi HGU-56/P za m'ma 1990 zidabwera ndi makapu ophwanyika, oti azifafanizika okha m'malo mwa fupa. Komanso chimene chimapulumutsa ubongo si chikhokhombe chakunja chokongolacho ayi, koma polystyrene ya m'kati, zoyera zija amatetezera nazo firiji yatsopano mu katoni. Imagwira ntchito kamodzi kokha: ikafinyika sibwereranso. Ya pa intaneti simungadziwe kuti idagwapo kangati.

Mwa zatsopano mwatchulazo, musayambe ndi dzina. Yambani ndi mutu wanu, chifukwa mitu ina ndi yobulungira, ina yotalika cham'mbuyo, ndipo helemeti yokoma kwa mnzanu ikhoza kukuzunzani inu. Tengani tepi ya telala, muzungulitse mutu masentimita 2 pamwamba pa nsidze, idutse pamwamba pa makutu ndi pamene nkhongo yatukuka kwambiri. Kenako yezani kutalika kuchokera pachipumi kufika kunkhongo: tsamirani khoma, wina agunditse buku pachipumi, ayeze kuchokera pabuku mpaka pakhoma. Yezaninso m'lifupi, pamwamba pang'ono pa makutu. Opanga ena amasankha saizi potengera kutalikako osati kuzungulira, choncho manambala onse atatu akhale nanu. Muyeze muli ndi tsitsi limene mudzauluke nalo. Woluka tsitsi kapena wa madiredi akameta, saizi imasintha.

Poyesa, tambasulani pang'ono m'makutumo ndi zala zazikulu, lowetsani chipumi kaye, kenako muitsitsire kumbuyo. Mangani lamba wa kunkhongo, ndiye wa pachibwano. M'mphepete mwake mukhale chala chimodzi kapena ziwiri pamwamba pa nsidze, ndipo khutu lonse lilowe m'kapu osapindika. Pukusani mutu: khungu la pachipumi liziyendera limodzi ndi helemeti. Wina aigwire kumbuyo n'kuikokera kutsogolo mwamphamvu. Ikatsika mpaka kuphimba maso kapena kufuna kuvuka, lamba wa kunkhongo ndi wokhwefuka kapena saizi yakula. Pa ngozi helemeti ikhoza kuvukira kutsogolo chonchi.

Musaivule msanga. Khalani nayo mphindi 30 kapena kuposerapo, chifukwa malo ofinya sadziwika poyamba. Amayamba ngati kakutentha pachipumi kapena paliwombo, pakatha ola n'kukhala ngati msomali. Mankhwala ake ndi kusintha liner yofewa yokhudza mutu: TPL ya Gentex amaitenthetsa amisiri n'kuiumba pamutu panu, kapena mutha kuika Zetaliner ya Oregon Aero. Polystyrene yokhayo musaiseme ndi mpeni kuti mupeze malo, mwatero mwachotsa chitetezo pamalo pomwepo pamene mutu wayandikira chikhokhombe. Liner yochindikala mopitirira nayonso imakweza helemeti, makapu n'kusemphana ndi makutu.

Pomaliza kakhaleni nayo mu R22 momwemo, chitseko chotseka, muyang'ane kumchira mbali zonse. Ndege imeneyi ndi yothina, ndipo munthu wamtali helemeti yaikulu imamugunditsa kudenga. Kulemera kwa zambiri ndi pakati pa kilogalamu imodzi ndi imodzi ndi theka. Ngati m'tsogolo mudzavala NVG zoonera usiku, zimene zimawonjezera kuposa theka la kilogalamu kutsogolo ndi mabatire kumbuyo, gulani yokhala kale ndi pomangirira pake.

Wogulitsa akakuuzani kuti "ndi yovomerezeka", mufunseni muyezo wake. EN 966 ndi ya oulukira pa paraglider ndi tindege topepuka. Wodalirika pa ntchito ngati yanu ndi muyezo wa DOI/USFS, umene boma la America limafuna kwa ozimitsa moto wa m'nkhalango.

NaBanda_Avionics:

Zimene anena akuluwa n'zoona, koma pali pena pamene ogula ambiri amagwa: mawaya. Helemeti ikhoza kukukwanani bwino koma osalankhulana ndi ndege yanu.

Pali mitundu iwiri, potengera impedance, kutanthauza mmene chida chimakanira magetsi, imene imayezedwa mu ma ohm. Ndege za asilikali zambiri ndi za low impedance: maiki ya dynamic ya ma ohm 5, monga M-87, ndi masipika a ma ohm pafupifupi 19 lililonse. Ndege wamba, kuphatikizapo Robinson, ndi za high impedance: maiki ya electret imene imadya magetsi ochepa ochokera ku intercom, ndi masipika a ma ohm 300 lililonse, amene akalumikizidwa pamodzi amawerenga 150. Chosokoneza n'chakuti mitundu yonse iwiri imagwiritsa ntchito pulagi imodzimodzi, U-174, ndiye imalowa bwinobwino, inu n'kumati zatheka. Mukalowetsa ya asilikali mu R44, a ku tawala sakumvani chifukwa mphamvu ya maikiyo ndi yochepa kwambiri, ndipo masipika ake amakoka mphamvu ya intercom, anzanu onse m'ndegemo n'kuyamba kumva motsika. Ya electret mu ndege ya low impedance imangokhala duu, poti palibe magetsi oidyetsa.

Kudziwa kwake n'kosavuta. Pulagi ya U-174 ili ndi zigawo zinayi kuyambira kunsonga. Kawirikawiri choyamba ndi chachitatu ndi za maiki, chachiwiri ndi chachinayi ndi za masipika. Kwezani volume ya pahelemeti mpaka kumapeto, ikani multimeter pa chachiwiri ndi chachinayi. Ikawerenga cha m'ma 150, ndi ya ndege wamba. Ikawerenga cha m'ma 8 mpaka 10, ndi ya asilikali. Ma adapter osinthira impedance alipo, koma ndi chinthu china cholendewera chimene chingathe kuduka. Samalaninso ndi pulagi ya UK NATO, yofanana maonekedwe koma yonenepa pang'ono, ndi ndege zina za ku Ulaya zimene mawaya a U-174 adawalumikiza mosiyana. Ndege zatsopano zina zili ndi pulagi ya LEMO ya mapini 6 imene imapereka magetsi a ANR, chida chamagetsi chochepetsa phokoso m'makapu. Funsani injiniya wa kampani imene mukagwireko musanaitanitse.

Za makutu musazipeputse. Malire a NIOSH, bungwe la boma la America loona za umoyo wa anthu pa ntchito, ndi ma decibel 85 kwa maola 8, ndipo pa ma decibel 3 aliwonse owonjezera nthawiyo imadulidwa pakati, moti pa 100 zimatsala mphindi 15 zokha. M'helikopita phokoso limafika pamenepo mosavuta, makamaka zitseko zitachotsedwa. Helemeti payokha nthawi zambiri imatchinga phokoso mochepa kuposa mahedifoni abwino amene mwazolowera, ndiye sankhani chimodzi: ANR kapena CEP. ANR imapha bwino kugunda kotsika kwa rotor, koma imadalira batire komanso kuti kapu imate bwino pakhungu. CEP ndi timasipika ting'onoting'ono tokhala ndi siponji kunsonga, tolowa m'khutu momwe pansi pa kapu. Finyani siponjiyo ndi zala zoyera, ilowetseni, gwirani kwa masekondi 20 mpaka 30 kuti ifufume. Tsitsani volume kaye musanayatse wailesi, chifukwa CEP imamveka mokweza kuposa masipika a m'kapu. Waya wake ndi woonda. Povula helemeti mukaiwala kuti mwavala CEP, muudula.

Maiki ikhale pakati pa milomo, pafupi kwambiri moti mukatulutsa milomo muikhudze. Ikatalikira masentimita awiri okha, mphepo ndi injini ndi zimene zimamveka.

Chingwe_cha_Longline:

Mayi afotokoza bwino, koma pa ntchito ya zitseko zochotsa ine ndingasankhe CEP osaganiza kawiri. Mphepo ikamawomba kapu, ANR imayamba kugunda m'khutu "bu-bu-bu", ndipo batire ikatha pakati pa ntchito mwatsala ndi chitetezo chochepa.

Kwina kumene sikunatchulidwe ndi magalasi akumaso. Gulani ya magalasi awiri, loyera ndi lakuda, ndipo limodzi likhale lotsitsa nthawi zonse muli m'mwamba. Galasi lakutsogolo la ndege zing'onozing'ono zambiri silidapangidwe kuti liimitse mbalame yaikulu, ndipo kumene mukupitako kuli miimba ndi nkhwazi. Mbalame ikaboola, zidutswa za galasi, nthenga ndi magazi zimabwera kumaso. Wotsitsa galasi la helemeti amaonabe n'kutera. Lachikasu limathandiza kukakhala chifunga kapena utsi wa moto wolusa. Magalasi a dzuwa a polarized asiyeni, amadetsa masikirini a m'ndege, ndipo a miyendo yonenepa amatsegula mpata pa kapu, phokoso n'kulowa.

Kabawi_R44:

Zikomo kwambiri akuluakulu, SPH-4 ija ndaisiya. Nanga kasamalidwe? Ndipo itati yagwa kuchokera pampando kufika pa simenti, ndiye kuti yatha?

Mkulu_wa_Hangar:

Adani ake ndi dzuwa, thukuta ndi mankhwala. Musaisiye m'ndege yoimikidwa padzuwa kapena m'buti ya galimoto; kutentha kumamasula guluu wa velcro, kumapinda TPL ndi kuumitsa zomatira m'makutu. Mukatera, ipukuteni m'kati, muisiye pamthunzi podutsa mphepo mpaka iume, ndiye muiike m'chikwama chake. Yotsekeredwa yonyowa imachita chuku ndipo masikuluwu amachita dzimbiri. Kasoti kopyapyala ka Nomex (nsalu yosagwira moto msanga) kapena ka thonje kovala m'kati kamamwa thukuta ndi mafuta odzola m'mutu. Ka nayiloni ayi, kamasungunukira pakhungu pakabuka moto. Nsalu ya liner ichotseni milungu ingapo iliyonse, muchape pamanja ndi sopo wofatsa m'madzi ofunda pang'ono, iume yokha.

Magalasi ndi a polycarbonate. Athireni madzi kaye kuti fumbi lichoke, ndiye sopo wofatsa ndi kansalu ka microfibre. Kupukuta pouma ndi malaya ndi kumene kumabweretsa tizikanda timene timanyezimira mukayang'ana dzuwa lolowa. Mankhwala otsukira mawindo okhala ndi ammonia, thinner, acetone, mafuta a ndege (avgas, Jet A-1) ndi mankhwala othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET zimalowa m'galasi n'kubala timing'alu tosaoneka bwino, ndipo galasi lotere limasweka m'malo mopirira. Mudzole mankhwala a udzudzu, musambe m'manja musanaigwire. Petulo ndi penti yopopera zimasungunula polystyrene, ndiye magulovu onunkha mafuta musawasunge m'helemeti, ndipo kupenta kusiyireni ovomerezedwa ndi opanga. Kuboola chikhokhombe kuti mumangirire kamera n'koletsedwa, komanso kamera yotulukira kunja imakola zinthu n'kupotoza khosi.

Poinyamula musagwire ndodo ya maiki kapena chingwe. Pozula pulagi gwirani pulagiyo, osati waya. Mawu akayamba kudukaduka, pukutani zigawo za pulagi ndi kansalu konyowetsa isopropyl musanaganize zazikulu. Zomatira m'makutu zisinthidwe zikayamba kuuma kapena kung'aluka, kumalo otentha pafupifupi miyezi 6 mpaka chaka. Siponji ya maiki ndi nsonga za CEP zisinthidwe zikada. Mabatire a ANR achotseni ngati simuuluka kwa milungu ingapo.

Musananyamuke tsiku lililonse, onani ulusi wa malamba, chomangira pachibwano, masikuluwu, ndi kuti magalasi akutsika n'kukhoma. Miyezi 6 iliyonse ipite kwa mmisiri amene aimasule yonse. Asilikali a ku America amachita zimenezi masiku 180 aliwonse.

Za kugwazo: helemeti yopanda mutu m'kati ikagwa kuchokera pampando sikuti yatha nthawi yomweyo, koma musauluke nayo musanaiyang'ane. Chotsani liner, muunike polystyrene ndi tochi. Mukapeza mng'alu, pofinyika, kapena yamatuka ku chikhokhombe, isinthidwe. Kunja, dinani ndi chala pamene yamenyapo: pakafewa, pakachita phokoso lophwanyika, kapena pakaoneka zoyera pansi pa penti, nsalu za chikhokhombe zalekana ndipo sichikonzedwa ndi guluu. Onaninso m'mphepete ndi mozungulira mabowo a masikuluwu, poti ming'alu imayambira pamenepo, ndipo musamate sitika pamalo amene simunawayang'ane. Imene idamenyeka mutu uli m'kati, ngakhale ikuoneka yosalala, dulani malamba ake kuti wina asadzaivalenso.