C70 ya mapointi ikuzima ikangotentha, ndasowa pogwira

Wa pa Chitakale:
Akuluakulu thandizeni, njinga yamoto iyi yandikwana. Honda C70 ya 6V, ya mapointi (tizitsulo totsegula ndi kutseka magetsi kuti pulagi ipereke moto), inakhala zaka zambiri osalira. Mwiniwake akufuna ibwerere mmene inalili, osati kuisandutsa ya kabaza. Rebore (kukulitsa silinda) 0.50, pisitoni ndi maring'i zatsopano, ma valve ndapera, magasketi onse atsopano, kabureta ndatsuka, pulagi C7HSA yatsopano. M'mawa kiki imodzi yalira, aidulo bwinobwino. Koma ukangoyenda mphindi 10 kapena 15, mwachitsanzo kulowera ku Likhubula, iyamba kudukiza, kuwomba ku ekizozi, kenako zii. Ikazizira ilira ngati palibe chachitika. Mwiniwake akubwera Loweruka.

Madala a pa Luchenza:
Kabureta imeneyo. Tsukaninso.

Wa pa Chitakale:
Madala, ndanena kuti ndatsuka. Majeti onse akuoneka kuwala.

Wa ku Bvumbwe:
Achimwene, musagule kanthu kaye. Nyamulani sipanala ya pulagi ndi sikuludiraiva, muiyendetse mpaka izime, ndipo muyeze pomwepo isanazizire, chifukwa ikazizira vutolo labisala. Yambani kuponda kiki pang'onopang'ono. Ikakhala yolimba kusiyana ndi m'mawa, pisitoni ikugwira, musailizenso. Ikakhala yopepuka kwambiri ngati mulibe compression, valve sikutseka. Ikakhala mwa masiku onse, chotsani pulagi, igunditseni pa injini muone moto. Moto wofiirira, wodukiza kapena kusoweratu ndiye kuti nkhani ili ku magetsi. Moto ukakhala wabuluu, masulani kasikuluwu ka pansi pa kabureta muone ngati petulo akutuluka mosadukiza.

Ine ndikukayikira kondensa, kachipangizo koteteza mapointi kuti asathetheke. Pa C70 imakhala pa stator, mkati mwa flywheel, pamalo otentha. Yokalamba imagwira ntchito ikakhala yozizira, ikatentha imataya mphamvu, mapointi amayamba kuthetheka ndipo moto umafika pa pulagi wofooka, pena nthawi yolakwika. Kuwomba ku ekizozi kukugwirizana nazo. Yang'anani nkhope za mapointi: ngati zapsa, kwina kwakumbika kwina kwatuluka kansonga, kondensa yatha.

Madala a pa Luchenza:
Kondensa chiyani. Njinga yagona zaka, thanki ili ndi dzimbiri. Mutsuka kabureta lero, mawa zinyalala zabwerera. Petulo wathu ndi wosakaniza ndi ethanol, amakoka madzi, kuwonjezera chinyezi cha kuno ndi chiperoni. Thanki munaitsuka? Kambale ka pansi pa tap munakatsegula? Muli kasefa mmenemo.

Wa ku Bvumbwe:
Za thanki mukunena zoona madala, aitsuke ndithu, aikenso mapaipi atsopano onse awiri, ya main ndi ya reserve. Aonenso kabowo ka mpweya pa chotsekera thanki, anthu amakatseka ndi penti osadziwa. Koma njinga yosowa petulo imafooka ngati ikupempha reserve, ndipo ukadikira mphindi imodzi kapena ziwiri kabureta yadzaza, yalira. Iyi ikudikira kuzizira.

Wa ku Thekerani:
Ma valve munaika pa chiyani? Pa injini iyi ndi 0.05 mm onse awiri, injini ili yozizira, chizindikiro cha T cha pa flywheel chitalunjika, pa compression osati pa overlap. Mukapera ma valve amalowa pang'ono m'mipando yake, ndipo mutu ukakhazikika mpata umasintha. Ambiri amamanga mothina kuti injini isamveke phokoso. Ikatentha valve ya ekizozi sitseka, compression yapita, ndipo mukakakamira mupsereza valve. Bola kumva ka tiki-tiki. Pomanga kanati ka 9 mm gwirani adjuster isatembenuke, kenako muyezenso ndi feeler gauge.

Muli pomwepo, tsegulani chotsekera tappet injini ikulira pa aidulo, muone ngati oyilo akufika kumutu. Ngati munapaka silicone yambiri pa gasketi ya pansi pa silinda, kabowo kopititsa oyilo kumutu n'kakang'ono kwambiri, katsekeka msanga. Camshaft ikadyeka, yeniyeni ya njinga imeneyi simuipeza msanga ngakhale mu Limbe.

Wa pa Chitakale:
Ma valve ndinaika 0.05 koma sindinayezenso chiilizireni. Oyilo akufika. Mapointi ndi akale omwe aja, ndinangopala. Puller yochotsera flywheel ndilibe.

Wa ku Bvumbwe:
Bwerekani puller, chonde musamenye flywheel ndi hamala kapena kuitema ndi tayala liva. Maginito amafooka ndi kumenya, ndipo crank ikhoza kupindika. Puller yake ndi 27 mm, ulusi wa kumanzere. Mukachotsa onani kakiyi ka pa crank, kakadyeka timing imasuntha. Sinthani mapointi ndi kondensa limodzi. Gap ndi 0.3 mpaka 0.4 mm, ndipo ayambe kutseguka F ya pa flywheel ikangofika pa chizindikiro. Pa injini iyi gap ndiyo imasuntha timing, ndiye mukapeza gap koma F sikugwirizana, chidendene cha mapointi chadyeka. Atsopano amabwera ndi mafuta oteteza dzimbiri, pukutani ndi kapepala koyera konyowetsa petulo. Pomata waya wa kondensa musachedwetse chitsulo chotentha, mukhoza kuipha isanagwire ntchito.

Zikapitirira, ndiye koyilo. Ikhale ya AC ya magneto, osati ya batire. Komanso pulagi ya R, ngati CR7HSA, pamodzi ndi kapu yokhala ndi resistor zimafooketsa moto wa 6V.

Wina wa ku Muloza:
Bwanji osangoika injini ya 110 yaku China ya CDI, yopanda mapointi? Imalowa pa mabawuti omwewo, tsiku limodzi ntchito yatha.

Wa ku Thekerani:
Ayi achimwene. Mawaya onse asinthe kupita ku 12V, nambala ya injini isiyane ndi ya pa mapepala, ndipo mabuleki a C70 sanapangidwire liwiro limenelo. Mwiniwakenso wanena chimene akufuna. Amene anakwerapo njinga izi akudziwa: kilatchi ya pamanja palibe, giya zitatu zokha, kuponda ndi chala kapena chidendene, ukagwira buleki ya kutsogolo mphuno imadzuka m'malo momira chifukwa cha mafoloko ake aja. Pa chitunda cha m'minda ya tiyi umabwerera giya yachiwiri n'kumakwera pang'onopang'ono koma osaima, ngakhale utanyamula thumba kumbuyo. Kungoti m'matope a dzinja madigadi ya kutsogolo imadzaza dothi mpaka tayala kugwira. Ukaika 110 zonsezo zapita, yangotsala felemu.

Musaiwale batire ya 6V. Mukailiza popanda batire mababu apsa mukangokweza moto, ndipo mababu a 6V ndi osowa. Oyilo akhale wa njinga yamoto wolembedwa JASO MA, wa galimoto amatereretsa kilatchi. Pokhetsa oyilo masulani bawuti ya 17 mm, inayo yopendekeka pafupi nayo ndi ya tensioner ya cam chain.

Madala a pa Luchenza:
Mwalemba zambiri. Atsegule kabureta aone float. Ikakhala yobooka kapena needle ikugwira, muzandiuza.

Wa ku Bvumbwe:
Madala, float yobooka imasefukira, petulo akanamadontha pansi ngakhale njinga itaima, pulagi ikanada. Achimwene a pa Chitakale, pulagi ikutuluka mtundu wanji ikangozima?

Madala a pa Luchenza:
Kabureta.

Wina wa ku Muloza:
Pali amene ali ndi legshield ya C70 yosasweka? Ngakhale yofuna penti.