Ounika abweza bajeti ya PhD: ndisiye GPU kapena ndiyiteteze?

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Pempho la ndalama za PhD labwerako ndi ndemanga ziwiri. Kafukufuku wake ndi wogwiritsa ntchito AI polosera mamolekyu amene angaphe tizirombo ta malungo, Plasmodium falciparum. Ounika akuti sindinafotokoze chifukwa chofunira kompyuta ya ma GPU awiri (zipangizo zofulumizitsa masamu a AI), komanso sakuona kumene deta ichokere. Kompyutayo yadya pafupifupi theka la ndalama za zipangizo. Andipatsa masabata awiri oti ndiyankhe.

Mbewe: Achemwali, ichotseni. Deta ya malungo imene ili poyera si yochuluka moti n'kufunira makina otero. Mndandanda wa TCAMS wa kampani ya mankhwala ya GSK wa 2010 uli ndi mamolekyu 13,533, Malaria Box ya bungwe la Medicines for Malaria Venture (MMV) ili ndi 400, zotsalazo mukatola mu ChEMBL, nkhokwe ya deta ya mamolekyu ya pa intaneti. Random forest, njira yosavuta ya AI, pa Morgan fingerprints (manambala ofotokoza kapangidwe ka molekyu) za radius 2 ndi ma bit 2048, zopangidwa ndi pulogalamu ya RDKit, imatha pa laputopu wamba tiyi asanazizire. Pulogalamu yolosera ya Chemprop imayenda pa GPU imodzi yaing'ono, ngakhale ya Google Colab. Anzathu a ku MIT anapeza halicin, mankhwala opha mabakiteriya, mu 2020 ataphunzitsa model (pulogalamu yolosera) pa mamolekyu osakwana 2,500.

Dr Gondwe: A Mbewe anena zoona, koma ndemanga yoopsa ndi yachiwiriyo. Kungolemba kuti "titenga mu ChEMBL" sikukwana. Ma IC50 (mlingo wa molekyu wochepetsa kukula kwa tizirombo ndi theka) a mmenemo ndi osakanikirana: ena anayesedwa pa mitundu ya tizirombo ya 3D7 kapena NF54, zimene chloroquine amapha, ena pa Dd2 kapena K1, zimene sizimumva. Ena anadikira maola 48, ena 72. Ena anawerenga tizirombo ndi njira ya SYBR Green, ena pLDH, ena hypoxanthine. Mukaziphatikiza zonse, model imaphunzira kusiyana kwa malabotale m'malo mwa kusiyana kwa mamolekyu. Lembani ndondomeko yake momveka: kusankha mtundu umodzi wa kachirombo, kuchotsa mchere pa SMILES (kalembedwe ka molekyu ndi zilembo), kupeza obwereza ndi InChIKey (chizindikiro cha molekyu lililonse), kusandutsa IC50 kukhala pIC50 (negative log yake), ndi chimene muchite ndi manambala okhala ndi chizindikiro cha ">". Amenewo musawataye, ndiwo mamolekyu osagwira ntchito, ndipo ndi osowa. Mu TCAMS onse anali atapambana kale, analepheretsa kukula ndi 80% kapena kuposa pa 2 µM, ndiye model yophunzira pamenepo pokha imaona ngati chilichonse ndi mankhwala.

Chinanso, musagawe deta mwachisawawa. Gawani potsata ma scaffold (mafupa a mamolekyu) a Bemis-Murcko, kuti mamolekyu apachibale asapezeke kophunzitsira ndi koyesera komwe. Manambala oonetsa kulondola kwa model atsika ndithu, koma wounika wodziwa ntchito amayamba kuyang'ana pomwepo.

Kamanga: Ine ndikutsutsako pang'ono. Mayi Nachisale, muli DFT (masamu a quantum owerengera ma electron a molekyu) m'pempholi?

Nachisale: Ilimo, bambo Kamanga. Ndikufuna ma descriptor (manambala ofotokoza molekyu) a quantum pa mamolekyu pafupifupi 2,000, chaka chachiwiri.

Kamanga: Ndiye makina mukuwafuna, koma a CPU (purosesa wamba), osati GPU, ndipo ndi obwereka, osati ogula. Chitani izi sabata ino: tengani mamolekyu 20 a misinkhu yosiyana, pezani ma conformer (mapindidwe a molekyu) ndi pulogalamu ya CREST pa GFN2-xTB, kenako optimization ndi frequency mu pulogalamu ya ORCA, yomwe ndi yaulere kwa a m'mayunivesite. Lembani nthawi imene iliyonse yatenga. Tiyerekeze kuti imodzi yatenga maola 6 pa ma core 8 a CPU, ndiye ma core-hour 48, kuchulukitsa ndi 2,000 ndi 96,000. Onjezerani gawo limodzi mwa magawo atatu, chifukwa ena SCF (masamu obwerezabwereza a DFT) imakana kukhazikika, ena amatuluka ndi imaginary frequency n'kufunika kubwereza. Musayesere pa timamolekyu ta mu mndandanda wa QM9, timeneto tili ndi maatomu olemera osaposa 9, pomwe mankhwala enieni amafika 25 kapena 35, ndipo nthawi imakwera msanga kwambiri kuposa kukula kwa molekyu. Nambala yotulukayo ndiyo mukapemphe nayo malo ku HPC (malo a makompyuta amphamvu kwambiri), monga CHPC ya ku Cape Town ngati wokuyang'anirani wina ali ku South Africa. Kalata yawo muiphatikize.

Mbewe: Ndipo onetsani kaye kuti ma descriptor amenewo akuposa fingerprint wamba. Nthawi zambiri phindu lake limakhala lochepa.

Dr Gondwe: Ndalama zimene zamasukazo zipite ku labotale. Pempho longothera pa kulosera n'lofooka. Ikani kugula mamolekyu 60 mpaka 100, mamiligalamu 1 mpaka 5 lililonse, kwa ogulitsa ngati Enamine, pamodzi ndi mtengo wotumizira ndi msonkho wa pachipata, zomwe ambiri amaiwala. Musagule okhawo amene model yawayamikira. Sakanizani ndi ena amene yawakana, apo ayi simudziwa ngati ikulosera kapena ndi mwayi chabe. Mzere wa zoyesera ukhale ndi zolerera tizirombo monga RPMI 1640, Albumax II, maselo ofiira a gulu O+, mpweya wosakaniza, mapuleti a mabowo 96, ndi chloroquine ndi artesunate zoyerekezera. Sungunulani mamolekyuwo mu DMSO, madzi osungunulira mankhwala, pa 10 mM, koma m'bowo DMSO isapose 0.5%, chifukwa payokha imapha tizirombo n'kukunamizani. Onjezani HepG2, maselo a chiwindi cha munthu, kuti muone ngati molekyu sikupha maselo a munthu. Ngati kwanuko simulera tizirombo, funsani mtengo ku malo ngati H3D ya ku University of Cape Town, omwe anagwirapo kale ntchito yotere ndi a bungwe la Ersilia pa pulogalamu ya AI ya ZairaChem.

Nachisale: Zikomo kwambiri. Nanga bajeti ndilembe m'makwacha, popeza yunivesite yanga ili ku Malawi?

Kamanga: Zogula kunja zonse lembani m'madola, ndipo tchulani tsiku la mtengo wosinthira. Kwacha inagwa ndi 44% mu Novembala 2023, ndipo bajeti ya zaka zitatu yolembedwa m'makwacha sipirira zotere. Funsaninso ngati opereka ndalamawo amalola mzere wa zadzidzidzi, ena amakana. Poti mugwiritsa ntchito magazi a anthu, ikaninso ndalama ndi miyezi yodikira chilolezo cha komiti ya ethics m'chaka choyamba. Tumizani nthawi za mamolekyu 20 aja Lachisanu, tiwerengere limodzi.