Makiyi a Windows a madola 4 andichititsa manyazi kusukulu, ndithandizeni

Wa pa Nchalo:
Akuluakulu, mwaswera bwanji. Ndabwera ndi vuto, mundiuze mosapsatira ngakhale zindiwawe. Mu Epulo ndinapeza ganyu pa sukulu ina yapulaiveti cha kuno, yoika Windows pa makompyuta 12 a mu labu. Ndi akaunjika, anakawagula ku Limbe, 8 a Dell ndi 4 a HP akalekale. Ndinawafomata onse, ndinaika Windows 10 Pro ndi Office, kenako ndinagula laisensi kwa wogulitsa wina pa intaneti, madola 4 kompyuta imodzi. Analipira ndi msuweni wanga wa ku Joni, ine ndinamubwezera pa Airtel Money kudzera kwa amayi ake. Zonse zinayenda, pa Settings panalembedwa kuti Windows is activated, adairekita anandilipira, tinasiyana tikuseka. Lolemba andiimbira atapsa mtima, akuti onse 12 akuonetsa Activate Windows pakona ndipo ndinawadyera ndalama. Wogulitsa uja sakuyankhanso. Kodi makiyi otchipawa ndi enieni, kapena ndinaponya ndalama mu Shire?

Mdala wa ku Ngabu:
Mphwanga, usanayambe kulira tiuze zinthu ziwiri. Anakupatsa makiyi 12 osiyana kapena imodzi? Ndipo unangolemba kiyiyo pa Settings, kapena panali zina zomwe anakuuza kuti uchite? Ukafika kusukuluko tsegula cmd, windo lakuda lolembamo malamulo lija, ngati administrator, lemba slmgr /dlv, utiuze zomwe zalembedwa pa mzere wa Description.

Wa pa Nchalo:
Inali imodzi, madala. Anati ndi ya makompyuta ambiri. Anatumizanso mizere itatu yoti ndimate mu cmd. Ndili mu labumu pano, thukuta kamukamu, fani yake ndi imodzi. Palembedwa VOLUME_KMSCLIENT channel. Ndikayesa activate ikubweretsa 0xC004F074.

Mdala wa ku Ngabu:
Basi, matenda apezeka. Werenga masiku kuchokera tsiku lomwe unagwira ntchitoyo, upeza kuti akwana 180. KMS yaoneka pa mzere ujayi ndi njira ya activation yomwe inapangidwira makampani akuluakulu okhala ndi makompyuta ambirimbiri. Kampani imakhala ndi seva yakeyake, makompyuta a ogwira ntchito amakaonekera ku seva imeneyo pafupipafupi, ndipo akaonekera amapatsidwa masiku 180 atsopano. Kompyuta ikasiya kuonekera, masiku aja akatha, activation imagwa. Mizere itatu unamata ija, wina unaika kiyi, wina unalozera makompyuta a sukuluyo ku seva ya munthu yemwe sumudziwa, wotsiriza unapanga activate. Unagwiritsa hotspot ya foni yako, sichoncho? Utachoka labuyo inakhala yopanda intaneti mpaka masiku atha. Nambala ya 0xC004F074 ikutanthauza kuti kompyuta yaifuna seva koma sinaipeze, mwina anaitseka kale.

Chowawa kwambiri n'chakuti kiyi anakugulitsayo, a Microsoft anaisindikiza okha patsamba lawo, aliyense atha kuiwerenga mwaulere. Payokha sipanga activate chilichonse, imangouza kompyuta kuti ikafunefune seva. Ndiye madola 48 aja unagula mphepo.

Wa pa Dyeratu:
Hahaha pepani achimwene, sindikukusekani. Koma madala, musanyoze makiyi onse chifukwa cha wakuba mmodzi. Ine ndagula makiyi otchipa zaka zinayi tsopano, palibe kasitomala anabwerapo kudzadandaula. Tinene zoona, Windows 11 Pro pa sitolo ya Microsoft ndi madola pafupifupi 200, Home ndi 139. Laputopu yonse yomwe mphunzitsi wa ku Thabwa wabwera nayo sikwana ndalama imeneyo. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndani kuno angalipire zimenezo? Ngakhale ukhale nazo, forex uipeza kuti? Khadi ya ku banki imakana. Chofunika n'kudziwa wogulitsa wabwino basi.

Achemwali a stationery ku Bangula:
A Dyeratu, inenso ndinkalankhula ngati inuyo. Ndinagula kiyi ya kompyuta yomwe ndimatayipira ndi kusindikizira makalata, inagwira bwinobwino chaka ndi theka. Kenako hard disk inafa, kutentha kwa kunoku ndi magetsi othimathimawa mukukudziwa. Titaika ina n'kulemba kiyi yomwe ija, inakana, 0xC004C003, kutanthauza kuti kiyi anaitseka. Mnyamata anandikonzera uja anati inali ya MAK, kiyi imodzi yomwe kampani inagulira makompyuta ake, wina n'kuituluka nayo n'kumagulitsa kwa anthu ambirimbiri mpaka eni ake atazindikira. Ndiye makasitomala anu sanabwere chifukwa sanafomatebe. Tsiku lake likubwera.

Wa pa Dyeratu:
Achemwali, chaka ndi theka pa madola 5 mwaluza chiyani? Mukanangogula ina.

Achemwali a stationery ku Bangula:
Pa kompyuta yanga sindinaluze kanthu, n'zoona. Koma achimwene a ku Nchalowa analemba pa invoyisi kuti agulitsa laisensi. Kusiyana kwake kuli pamenepo.

Wa IT ku Nsanje Boma:
Achemwali agunda pomwe pali mutu wa nkhani. Ambiri timasokoneza zinthu ziwiri, activation ndi laisensi. Kiyi ili ngati kiyi wa nyumba. Mutha kutola kiyi pamsewu n'kutsegula chitseko, koma nyumbayo sikhala yanu. Kompyuta ikalemba kuti activated, yangonena kuti chitseko chatseguka.

Makiyi otchipawa amachokera njira zingapo, ndipo wogulitsa sangakuuzeni kuti yanu yadzera iti. Ena ndi a Volume, a MAK aja anena achemwaliwa. Ena amachokera ku maakaunti a anthu olemba mapulogalamu, omwe amapatsidwa makiyi oyesera ntchito zawo, osati ogulitsa. Ena ndi a ophunzira a m'mayunivesite akunja. Ena ndi a OEM, oyenera kubwera limodzi ndi kompyuta yatsopano n'kufera pa kompyuta yomweyo. Ena anagulidwa ndi makhadi a ku banki obedwa, mwini khadi akadandaula kiyi imatsekedwa. Yomwe mungasamuke nayo kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina ndi ya Retail yokha, ndiye yodula ija.

Pali ogulitsa ena, makamaka a ku Ulaya, omwe amalemba patsamba lawo kuti malonda awo ndi ovomerezeka ndi khoti. Sakunama kotheratu. Mu Julaye 2012 khoti lalikulu la European Union linagamula mlandu wa UsedSoft ndi Oracle, linati laisensi yomwe inagulidwa moyenera itha kugulitsidwanso bola mwini woyamba asiye kuigwiritsa ntchito. Koma limenelo ndi lamulo la kwawoko, ndipo wogulitsa woona amakupatsa mapepala osonyeza komwe laisensiyo yachokera. Wa madola 4 amangokutumizira zilembo 25 pa email.

Kuno kwathu mapulogalamu a kompyuta amatetezedwa ndi Copyright Act ya 2016. Sindikunena kuti apolisi afika pa labu ya ku Nchalo mawa, tisaopsezane. Koma ife a m'mabungwe timadziwa kuti ma auditor akabwera amafuna invoyisi ya wogulitsa wodziwika, ndipo screenshot ya WhatsApp saiwerengera. Sukuluyo tsiku lina ikadzapempha thandizo kwa opereka ndalama, nkhani yomweyi idzatuluka, dzina lotchulidwa lidzakhala la amisiri.

Wa pa Nchalo:
Ndamva akulu, ndipo ndavomera kuti ndinalakwitsa. Koma adairekita akufuna yankho Lachisanu. Madola 200 kuchulukitsa ka 12 ndilibe, ngakhale nditagulitsa njinga yamoto ndi mbuzi za amayi.

Mdala wa ku Ngabu:
Usagulitse mbuzi. Ma Dell 8 aja ndi mtundu wanji?

Wa pa Nchalo:
OptiPlex 7040, purosesa yake ndi Core i5 ya 6th gen. Ma HP ali ndi sitika ya Windows 7 Pro pambali, yofufuma kale.

Mdala wa ku Ngabu:
Ndiye mwina unagula chinthu chomwe unali nacho kale m'nyumba. Kuyambira nthawi ya Windows 8, mu 2012, makampani akuluakulu opanga makompyuta anasiya kulemba kiyi pa sitika, amaiika mkati mwa BIOS, kapulogalamu kokhazikika pa motherboard. Makompyuta ambiri akaunjikawa anachokera m'maofesi a ku UK, amabwera ndi kiyi yawo ya Pro ili momwemo, ndipo laisensi imeneyo imayenda ndi kompyutayo kulikonse yagulitsidwa. Tsegula cmd ulembe izi:

wmic path softwarelicensingservice get OA3xOriginalProductKey

Ikatulutsa zilembo 25, imeneyo ndiyo kiyi ya kompyutayo. Choyamba chotsa seva ya wakuba uja ndi slmgr /ckms. Kenako slmgr /ipk n'kulemba kiyi yatulukayo, ulumikize hotspot, umalize ndi slmgr /ato. Ukabwereza slmgr /dlv pazioneka OEM_DM channel, ndipo slmgr /xpr ikuuze kuti permanently activated. Chenjera chimodzi, kiyi ikakhala ya Home pomwe iwe unaika Pro, ikana. Pamenepo ufomate uike Home, usalimbane nayo.

Ndikufunsenso, wogulitsa uja sanakutumizire kapulogalamu kena n'kukuuza kuti uzimitse antivirus?

Wa pa Nchalo:
Ayi, inali mizere yokha ija.

Mdala wa ku Ngabu:
Wapulumuka. Akanakhala kuti anakupatsa ka .exe ndikanati fomata zonse, chifukwa sudziwa chomwe chinalowa nako. Ndinaonapo kompyuta ya pa ofesi ina ikudya bandulo usiku wonse chifukwa cha tinthu timeneti.

Wa pa Dyeratu:
Nanga ma HP anayi aja? Kiyi ya pa sitika ya Windows 7 imagwira pa 10, ndachitapo kambirimbiri.

Wa IT ku Nsanje Boma:
Inkagwira, achimwene. Khomo limenelo a Microsoft analitseka mu Seputembala 2023, makiyi a 7 ndi 8 sapanganso activate Windows 10 kapena 11. Mwayi ulipo umodzi wokha: ngati mwini wake wakale anakweza kompyutayo kufika pa 10 khomo lisanatsekedwe, Microsoft inasunga chizindikiro cha motherboard yake. Mukaika Windows mwatsopano, pofunsa kiyi musankhe I don't have a product key, mulumikize intaneti. Ngati inalembedwa kale ipanga activate yokha. Yesani, palibe chomwe mutaye kupatula bandulo.

Muwauzenso adairekita zoona pa nkhani ina, asadzamve kwa wina. Windows 10 inasiya kulandira ma update achitetezo aulere pa 14 Okutobala 2025, ndipo 6th gen sili pa mndandanda wa Windows 11, womwe umayambira pa 8th gen ndipo umafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Labu yopanda intaneti ipitirira kugwira ntchito, koma ana ndi ma flash awo aja, asamale. Ndiye kugulira HP yazaka zoposa khumi laisensi ya madola 200 kungakhale kuveka bulu suti.

Wa pa Nchalo:
Abale, nditsike kaye pampando. Ma Dell onse 8 atulutsa makiyi, 7 apanga activate, OEM_DM channel, permanently activated. Imodzi ikuvuta koma ndikuona ngati ndi netiweki, yatsika kufika pa E. Ndinayenda ndi makompyuta okhala ndi laisensi zawo n'kukawaika zakuba, ine mwini wake ndi manja angawa. Ma HP ndayesa awiri, onse akana.

Achemwali a stationery ku Bangula:
Ma HP muikemo Linux Mint m'malo mwa Windows. Ndi yaulere mwalamulo, imabwera ndi LibreOffice yogwira ntchito ngati Word ndi Excel, ndipo pa makompyuta okalamba imathamanga kuposa 10. Mwana wa mchemwali wanga amatayipira pomwepo, sanadandaulepo. Koma mukambirane kaye ndi mphunzitsi wa makompyuta, ena amafuna ana aone mabatani omwewo a Word ndi Excel omwe ali m'mabuku mwawo.

Wa pa Dyeratu:
Kapena muwasiye osapanga activate. Windows imagwirabe ntchito, kungoti mawu aja amakhala pakona ndipo wallpaper sisinthika. Ana a Fomu 2 wallpaper akufuna yachiyani?

Wa IT ku Nsanje Boma:
Kugwira imagwira, koma laisensi palibe, ndipo ndi mawu omwewo apsetsa mtima adairekita. Asankhe okha, inu mulembe pa pepala: 8 ali ndi laisensi ya OEM, 4 alibe, njira zake ndi izi, mitengo yake ndi iyi. Asainire. Ndipo poti mwatchula Word, Office munaika ija munaitenga kuti?

Wa pa Nchalo:
Kwa munthu yemwe uja, akulu. Madola 3.

Mdala wa ku Ngabu:
Mayo ine. Imeneyo ilibe kiyi mu BIOS, mphwanga. Tsegula Word pa imodzi, upite pa File kenako Account, utijambulire zomwe zalembedwa pamenepo.

Wa pa Nchalo:
Magetsi angothima kumene. Ndijambula mawa m'mawa ndisanakumane ndi adairekita. Ndalama ya makiyi ndiwabwezera yonse, ya Linux ndiwaikira ulere. A Bangula, Mint yo muli nayo pa flash? Ndituma mnyamata wa minibasi adzatenge, kudawuniloda ndi netiweki ya kunoyi kungandifikitse Khirisimasi.

Achemwali a stationery ku Bangula:
Ilipo. Auzeni afike isanakwane 9, ndipo flash yanga ibwerere.