Bwana akuti ndiwachotse ntchito bambo amene anapita ku maliro a mayi awo, ndipange bwanji?

Nachisale_Matawale:
Moni nonse, ndithandizeni nzeru abale mutu wandikulira. Ndimagwira pa holoselo ina mtauni mwa Zomba momuno, dzina sinditchula. Anandilemba ngati wa ma akaunti koma mukudziwa mmene zimakhalira malo ang'onoang'ono, amene uli pa kompyuta ndiwe HR (woona za antchito) ndiwe sekilitale ndiwe chilichonse. Tilipo anthu 14. Ndiye kuli bambo ena amagwira ku sitolo kumbuyo, kutsitsa katundu ndi kuwerenga makatoni, agwira zaka 7 ine ndinachita kuwapeza. Sabata yatha mayi awo anatisiya kumudzi cha ku Mayaka, uthenga unawapeza Lamulungu usiku ndiye Lolemba mmamawa anaimbira supavayiza kumuuza, ananyamuka. Abwerako Loweruka, akuti iwo ndi mwana wamkulu sakanachoka asanasese.

Pano bwana akuti bambowa anathawa ntchito masiku 5. Supavayiza nayenso watembenuka akuti ine ndinangomva zoti kuli zovuta sindinapereke chilolezo. Andiuza ndilembe makalata awiri, ina yoti bambowa asaine kuti asiya ntchito okha, akakana ndiwapatse ina yowachotsa pompopompo opanda notisi. Akuti palibe cholipira chifukwa kontrakiti yawo ndi ya chaka chimodzi timangosainitsa Januwale aliyense. Koma ine ndikudziwa kuti kuyambira kale bwana amadandaula kuti geni yatsika anthu achuluka, ndiye malirowa ndikuona ngati angopezerapo poyambira. Amalandira K150,000 pamwezi. Zimenezi zili bwino pamalamulo? Nanga ine wolemba kalatane sizidzandigwera?

Madala_aku_Chinamwali:
Mwanawe yambani mwawatsina khutu bambowo kuti asasaine chilichonse. Ine zinandionekera ndili mlonda pa kampani ina, anandiitana mu ofesi kundipatsa pepala akuti sainani apa kuti tikupatseni ndalama zanu mwachangu, ine osawerenga bwino ndinasaina, kupita ku leba anandionetsa kuti madala apa mwalemba nokha kuti mwasiya ntchito mwa kufuna kwanu. Ndinachoka ndi malipiro a mwezi umodzi basi zaka zonse zija zinapita ndi Likangala. Kalata ya resign ija ndi msampha.

AnaPhiri_HR:
Achemwali pepani ndi mtolo akusenzetsaniwu. Ine za HR ndi ntchito yanga ndiye ndilemba motalikirapo mupirire.

Lamulo lake ndi Employment Act ya 2000. Gawo 57 likunena zinthu ziwiri ndipo mabwana ambiri amagwa pa chachiwiricho. Choyamba pakhale chifukwa chomveka, chokhudza khalidwe la munthu, kulephera kwake ntchito, kapena mmene bizinesi ikuyendera. Chachiwiri ngati nkhani ndi ya khalidwe munthuyo apatsidwe mpata wodziteteza ASANACHOTSEDWE. Ngakhale mutamugwira munthu ali ndi katoni ya sopo pamutu akutuluka nayo pa geti mumayenera kumumva kaye, nanji uyu anapita kukaika mayi ake. Mlandu ukafika ku khothi amene amafotokoza chifukwa ndi kupereka umboni ndi bwana osati wantchito, gawo 61 limenelo, akalephera khothi limangotenga kuti munthuyo anachotsedwa mopanda chilungamo.

Bwana wanu mwina wamvapo za gawo 59 lolola kuchotsa munthu opanda notisi, ndipo zoona kujomba kulimo. Koma mawu ake akuti kujomba opanda chilolezo cha bwana kapena opanda chifukwa china chomveka. Tandiuzani woweruza wake uti m'Malawi muno amene anganene kuti maliro a mayi wokubereka si chifukwa chomveka? Komanso bambowa anaimba foni. Auzeni asafufute call log, aijambule skrinishoti pomwe pakuoneka tsiku ndi nthawi, apezenso kakalata kwa amfumu kapena ku mpingo kotsimikiza za malirowo. Chilungamo chake masiku a maliro sanalembedwe mu Act, zimatengera kontrakiti kapena malamulo a pakampani, ndiye bwana atha kudandaula kuti masiku 5 achuluka, chabwino, koma mankhwala ake ndi kuchotsera pa livu yawo mutagwirizana, ogwira masiku 6 pasabata ali ndi masiku 18 pachaka, ogwira 5 ali ndi 15. Zikavuta kwambiri kalata ya chenjezo. Osati kuchotsa munthu wa zaka 7 amene sanalakwepo.

Za kontrakiti ya chaka chimodzi zija ndiye amadzinamiza nazo ambiri. Gawo 28 likuti ngati ntchitoyo ndi yokhazikika, yoti kampani imaifuna tsiku ndi tsiku, kontrakiti imatengedwa ngati yopanda malire ngakhale mulembepo deti yothera. Holoselo ingakhale opanda wotsitsa katundu? Ndiye zaka zonse 7 zimawerengedwa. Komanso olo tiyerekeze kuti ndi ya chaka chimodzi zoona, panopa chakacho sichinathe, mukuidula pakati.

Tsopano bwana musakamuuze za chisoni sangamve, kamuuzeni za makwacha. K150,000 pamwezi ndi pafupifupi K34,600 pasabata. Ngati vuto lenileni ndi loti geni yatsika anene zoona kuti akuchepetsa anthu, apereke notisi ya mwezi umodzi kapena malipiro a mwezi m'malo mwake, kuphatikiza severance, ndalama zolipira munthu pomuchotsa ntchito malinga ndi zaka zomwe wagwira. Severance amawerenga masabata 2 pa chaka chilichonse pa zaka 5 zoyamba, masabata 3 pachaka kuyambira cha 6 mpaka cha 10, masabata 4 kupitirira apo. Bambowa ndi 10 kuphatikiza 6, masabata 16, cha m'ma K554,000. Ndi notisi zikukwana cha m'ma K700,000 osawerengera masiku a livu amene sanatenge. Koma akachita zomwe akufunazi n'kuluza mlandu, severance yomweyo alipirabe chifukwa lamulo lomwe anasintha mu 2010 likuti imaperekedwanso munthu akachotsedwa mopanda chilungamo, kenako pamwamba pake chipepeso cha gawo 63, kwa munthu amene wadutsa zaka 5 koma sanapitirire 10 sichitsika masabata 2 pa chaka chilichonse, ndiye masabata 14, cha m'ma K485,000. Apo ndi poyambira chabe khothi litha kukweza, lithanso kulamula kuti munthuyo abwerere pa ntchito. Zonse pamodzi wadutsa miliyoni, loya asanamulipire.

Ndipo ndalama za munthu zimayenera kutuluka pasanathe masiku 7 ntchito itatha, ndi kalata yosonyeza kuti anagwira pamenepo kuyambira liti mpaka liti.

Jah_Chikanda:
Kkkk anaPhiri mwalemba bwino ngati tili mkalasi ku Chanco koma tiyeni tinene za pansi pano. Munthu wa K150,000 ali ndi ana, lendi ku Sadzi kapena ku Mpondabwino ikumudikira, angadikire mlandu mpaka liti? Msuweni wanga nkhani yake inatenga zaka, thiransipoti yopita ku Blantyre yokha inamumaliza, pomwe ndalama zimatuluka kwacha inali itagwa kale zinangokwana matumba angapo a chimanga. Mabwanawa amadziwa zimenezi nchifukwa chake saopa. Ine langizo langa kwa asisi, dzitetezeni inuyo kaye, mawa ndinu. Kalatayo musasainepo dzina lanu asaine mwini wake geni.

AnaPhiri_HR:
Aise sindikukutsutsa, milandu imachedwa zoona. Koma si nkhani zonse zimakafika ku Industrial Relations Court, khothi la milandu ya ntchito. Poyambira ndi ku ofesi ya leba ya boma la Zomba konkuno, sulipira loya, amaitana mbali zonse n'kukhala pansi, ndipo mabwana ambiri akangolandira kalata yoitanidwa ndi chidindo cha boma amafewa, amayamba okha kunena kuti tiyeni tikambirane. Chachikulu dandaulo likafike pasanathe miyezi 3 chichotsedwereni, anthu amaluza poyamba kudikira kuti mwina bwana asintha mtima. A leba akalephera kuyanjanitsa mkati mwa mwezi ndi pomwe nkhani imapita ku khothi lija, limayendera Labour Relations Act ya 1996 ndipo munthu utha kudziyankhulira wekha, apo ayi kuli a Legal Aid Bureau, othandiza anthu osakwanitsa kulipira loya.

Pa zoti asasaine ndagwirizana nawe. Mlandu umagwera kampani osati kalaliki, koma achemwali mudzaitanidwa ngati mboni ndipo bwana yemweyo adzati ine sindinamutume. Mulembereni pa WhatsApp kapena imelo mwaulemu kuti bwana ndafufuza, njira iyi itidyera ndalama zakuti, ndikupempha tipange hearing kaye. Musunge uthengawo. Hearing yake si zovuta, kalata yofotokoza mlandu, muwapatse masiku angapo okonzekera, abwere ndi mnzawo wowaperekeza, supavayiza adzanene mawu ake pamaso pawo iwo amufunse mafunso, wina alembe maminitsi onse asaine. Amene akudandaula asakhalenso woweruza.

Nachisale_Matawale:
Zikomo kwambiri nonse, madala ndawatumira kale uthenga kudzera kwa mnzawo kuti asagwire cholembera. AnaPhiri pali kenanso kakundiopsa, pa payslip timadula 5% ya penshoni mwezi uliwonse koma kunena zoona chaka chino sindinaonepo tikutumiza, bwana amati tidzatumiza zinthu zikayenda. Zimenezi zikatulukira ku leba?

AnaPhiri_HR:
Eeh apo ndiye pali moto woposa wa malirowo. Penshoni inakhala yokakamiza kuyambira 2011, wantchito 5% bwana 10%, ndipo lamulo latsopano la 2023 silinafewetse. Kudula ndalama ya munthu osatumiza ndi mlandu pawokha, oyang'anira ndi a Reserve Bank, ndipo wantchito aliyense atha kupita ku kampani yosunga penshoniyo kukapempha sitetimenti n'kuona yekha kuti miyezi yakuti mulibe kanthu. Bambowa akangochotsedwa chinthu choyamba adzafunsa ndi penshoni yawo, akatero anthu 13 otsalawo nawonso adzafunsa zawo, inu nomwe muli momwemo. Muuzeni bwana zimenezo, kuti pofuna kupulumutsa K700,000 avundukula yekha chaka chonse cha penshoni ya anthu 14. Inuyo sungani mapepala osonyeza kuti munkawerengera ndi kumukumbutsa.

Madala_aku_Chinamwali:
Komanso supavayizayo mumuuze kuti naye ali ndi amake.

Nachisale_Matawale:
Ndabwera ndi ripoti. Ndinamulembera bwana dzulo usiku ndi masamu onse aja, sanayankhe koma ma tick anali a buluu. Mmawa uno wandiitana, wakalipa kaye kuti ine ndakhala loya liti, kenako wafunsa kuti za masabata 16 ndazitenga kuti, ndamuonetsa pa foni. Wakhala chete nthawi ndithu akudina kakyuleta. Pamapeto akuti makalata aja ndisiye kaye, bambowa abwerere ku sitolo masiku 5 aja tichotse pa livu, za kuchepetsa anthu tikambirana mwezi ukatha. Za penshoni wangoti adziwa chochita, ine sindikukhulupirira, ndiye Lachisanu pa lunch ndikukapempha sitetimenti yanga ndione kuti analeka liti kutumiza. AnaPhiri akayambitsa zochepetsa anthuzo ndikufunaninso, chifukwa ndamva kale akutchula mayina a azimayi awiri ndipo mmodzi ndi woyembekezera.