Mgaiwa kapena ufa woyera, tikawauze chiyani amayi Lachinayi?

Grace, mlangizi wa zaumoyo, Dedza:
Akuluakulu mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni, mutu waima. Zaka zitatu tsopano ndakhala ndikuuza amayi a m'ma care group anga (magulu ophunzitsana za kasamalidwe ka ana) kuti phala la mwana likhale la mgaiwa, ufa woyera ausiye chifukwa zabwino zonse zimapita kwa nkhumba limodzi ndi madeya. Dzulo kunabwera mtsikana wapasukulu amene tikumuphunzitsa ntchito, n'kunena pamaso pa mavolontiya kuti mgaiwa uli ndi zinthu zotsekereza ayironi ndi zinki kulowa m'thupi. Amayi anangondiyang'ana. Lachinayi tili ndi chionetsero cha kaphikidwe. Ndikabweze mawu anga kapena ndiumirire?

A Mwale, a za kadyedwe, Lilongwe:
Achemwali, mwanayo sananame, koma nanunso simunasocheretse anthu. Chimene akunenacho ndi phytate. Mbewu iliyonse imasunga phosphorus wake m'njira imeneyi kudikira tsiku lomera: chimanga, mapira, mawere, nyemba, soya, ngakhale mtedza wa nsinjiro zathuzi. Phytate akafika m'matumbo amagwira zinki, ayironi ndi kashiyamu, ndiye m'malo molowa m'magazi zambiri zimangodutsa. M'chimanga phytate wambiri amakhala mu mtima wa njere, umene umachoka pokonola. Koma mu mtima momwemo ndi m'gaga ndi mmene mulinso mafuta, mavitamini a gulu la B ndi gawo lalikulu la ayironi ndi zinki amene tikumufunayo. Mgaiwa uli ndi zambiri koma umaumira, ufa woyera suumira koma uli ndi zochepa zoti upereke.

Ndionjeze kuti anthu amakonda kunamizira fiber, gawo la chakudya losagayika m'mimba lopezeka m'gaga ndi m'masamba. Fiber payekha satsekereza kwenikweni, kungoti amayenda limodzi ndi phytate m'zakudya zomwezo. Musakauze akuluakulu a shuga ndi BP kuti asiye mgaiwa, iwowo ukuwathandiza.

Grace:
Ndamva bwana. Koma mayi wa kumudzi sindingakamuuze za phosphorus. Akufuna kudziwa kuti mumphika aikemo chiyani.

Mayi Nachisale, opuma pa ntchito ya zachitukuko, Ntcheu:
Mwana wanga Grace, usabweze mawu, ungoonjezerapo. Ife kale tinkaphunzitsa kuviika ufa wa phala. Kapu imodzi ya mgaiwa, makapu anayi a madzi, uvundule, usiye kwa ola limodzi ufa ukhazikike pansi, utsanule madzi apamwambawo, uphike ndi madzi ena. Basi. Amayi savutika nazo chifukwa kuviika akudziwa kale, si mmene amachitira ndi mphale? Chimene amakana ndi kutaya madziwo, amati ndiye mwatayatu ufa. Uwaonetse ndi maso kuti ufa watsala pansi pa beseni.

A Mwale:
Amayi anena zoona. Njira imeneyi anaiyesa kuno ku Malawi akatswiri a za kadyedwe Christine Hotz ndi Rosalind Gibson, ndipo anapeza kuti kuviika ndi kutsanula madzi kumachotsa pafupifupi theka la phytate. Ya m'chimanga imasungunuka m'madzi, n'chifukwa chake zimatheka. Mavitamini ena a B amapita nawo pang'ono, ndivomereze. Koma taonani kumene kuli vuto lathu: kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pafupifupi ana 60 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ali ndi zinki wochepa m'thupi. Amayi ndi abambo omwe chimodzimodzi. Ine ndingalole kutaya kavitamini pang'ono kuti zinki alowe.

A Kamanga, mlangizi wa zaulimi, Kasungu:
Ndilowererepo ngakhale ndine wa kumunda. Inu a zaumoyo mukamatamanda mgaiwa mumaiwala chuku. Chimanga chikasungidwa chosauma bwino, poizoni wa chuku amachuluka kunja kwa njere ndi m'njere zoola, ndipo kukonola kumachotsako gawo lalikulu. Mayi amene akugayitsa chimanga chofumbwa cha mu February osasankha, n'kumapatsa mwana wa miyezi 7, sitinamuthandize. Mgaiwa wa mwana uchokere ku chimanga chosankha njere imodziimodzi ndi kupeta bwino. Ngati chimanga chili chokayikitsa, bola akonole.

Mayi Nachisale:
Apo ndiye mwalasa a Kamanga. Ndipo ufa woviikawo aphike tsiku lomwelo, asausunge wonyowa.

Sisitala Chirwa, namwino wa sikelo ya amayi oyembekezera, Mulanje:
Ine nkhondo yanga si ufa, ndi tiyi. Kuno tiyi ndi wapakhomo, mayi amamwa m'mawa ndi mbatata, masana akatha nsima wina, ndipo mapilitsi oonjezera magazi amene timawapatsa amamwera tiyi yemweyo. Ena mpaka kumwetsa khanda la miyezi 8 pa supuni. Tiyi ali ndi tannin amene amagwira ayironi wa m'masamba ndi nyemba moopsa, kapu imodzi pa chakudya ikhoza kudula ayironi wolowa ndi theka kapena kuposa. Sindiwaletsa, ndikanawaletsa bwenzi atasiya kubwera kusikelo. Ndimangoti padutse ola limodzi kapena awiri chidyereni, ndipo pilitsi amwere madzi. Grace, zimenezi ukazinene Lachinayi, n'zosavuta kuposa zonse.

Grace:
Asisi, za tiyi ndalemba. Nanga masamba? Timawauza kuti bonongwe, chisoso ndi khwanya zimaonjezera magazi. Kapena nazonso zili ndi mlandu?

A Mwale:
Zili ndi ayironi ndithu, koma ayironi wa zomera salowa mosavuta ngati wa nyama ndi nsomba. Amafuna mnzake womuperekeza, ndipo mnzakeyo ndi vitamini C. Tomato, mandimu ofinyira pa ndiwo zitapsa, gwafa, mango, papaya, masau, ufa wa malambe m'phala. Zidyedwe nthawi imodzi ndi chakudyacho, osati bwemba m'mawa nyemba madzulo. Mdani wake ndi soda ndi chidulo: masamba amafewa msanga n'kukhala obiriwira bwino, koma vitamini C watha. Therere lokha tingalikhululukire, koma soda mu nkhwani ndi mpiru ayi.

Bonongwe ali ndi kashiyamu wambiri papepala, koma ali ndi oxalate amene amamugwira, ndiye wolowa ndi wochepa. Mpiru ndi repu zimapereka kashiyamu wake mosaumira.

Koma kunena mosabisa, vitamini C amathandiza ayironi, zinki samuthandiza kwenikweni. Pa zinki chimene chimagwira ntchito ndi kuchepetsa phytate ndi kuikamo kanyama. Usipa kapena matemba osinja ndi mitu ndi minga yomwe, supuni imodzi kapena ziwiri m'phala, mwapeza zinki, ayironi ndi kashiyamu pakamodzi, ndipo kansombako kamathandiza kuti ayironi wa nyemba alowenso. Ngumbi ndi ziwala m'nyengo yake, dzira likapezeka.

A Kamanga:
Usipa ku Kasungu kuno wakwera mtengo, kamulu kamodzi mayi amaganiza kawiri. Nyemba za NUA45 zija zili ndi ayironi ndi zinki wochulukirapo kuposa nyemba wamba, ndipo alimi azikonda chifukwa zimacha msanga. Aziviike usiku wonse, ataye madzi, zimapsanso msanga nkhuni n'kupulumuka.

Mayi Nachisale:
Mwaiwala chimera nonsenu. Mawere kapena mapira akamera, mbewuyo imayamba yokha kuphwanya phytate wake. Ukathira kaufa ka chimera m'phala lolimba litazizirako pang'ono, limasungunuka osathira madzi, mwana amadya lambiri m'kamimba kake kakang'onoko. Ukatero ulibwezere pamoto liwire pang'ono, chifukwa chimera chimayanikidwa pabwalo. Thobwa la tsiku limodzi ndi nzeru yomweyo. Agogo athu sankadziwa dzina la phytate koma ankathana nayo.

Sisitala Chirwa:
Chenjezo limodzi Grace. Mwana amene zikhatho ndi m'zikope mwayera usamuchedwetse ndi maphunziro a phala. Kuchepa kwa magazi kwathu kuno nthawi zambiri ndi malungo, njoka za m'mimba kapena likodzo. Ayezedwe kaye, alandire mankhwala, phala libwere pambuyo. Wotsegula m'mimba alandire Thanzi ndi mapilitsi a zinki amalize masiku ake onse.

Grace:
Zikomo nonse, mtima wakhala pansi. Lachinayi ndiphika miphika iwiri kuti alawe okha: wina mgaiwa woviika wothira nsinjiro ndi usipa wosinja, wina wothira chimera ndi malambe. Chimanga tikasankha limodzi pa lichero amayi akuona. Mtsikana uja ndimupatsa gawo la tiyi ndi soda afotokoze yekha, poti ndiye anayambitsa. Mayi Nachisale, chimeracho ndithire chochuluka bwanji pa mbale ya mwana mmodzi?

Mayi Nachisale:
Kasupuni kamodzi ka tiyi n'kokwanira. Uvundule, udikire mphindi zochepa, uona lokha likufewa. Ukayesere kunyumba Lachitatu, usakachite manyazi kawiri pamaso pa anthu omwewo.