Silinda imodzi yatsika: tiichotse kapena tiyezenso kaye?

Akuluakulu odziwa za injini za ndege zing'onozing'ono, ndithandizeniko nzeru. Ndili ndi ndege ya Cessna 172 ya injini ya Lycoming O-320. Poiyendera chaka chino, amakaniko anapopera mpweya wa 80 psi (muyezo wa mphamvu ya mpweya) m'masilinda onse anayi kuti aone ngati akuugwira bwino. Atatu anagwira kupitirira 70, koma nambala 3 inangolekera pa 58. Titatchera khutu, mpweya unkamveka kuti fyuu ku paipi ya utsi, osati pothirira oyilo. Ndiye tikuganizira valavu yotulutsa utsi, osati maring'i a pisitoni.

Iwo akuti tichotse silinda yonseyo. Ine mtima ukukana. Poyeza paja injini inali itazizira kale, ndipo ndegeyo inakhalitsa pansi osauluka. Komanso kumasula silinda si masewera: mabawuti aatali odutsa m'crankcase (thupi la injini) akapanda kumangidwanso bwino, bearing (mozunguliramo shafti ya injini) imatha kusuntha, vuto n'kuposa loyambalo.

Titasuzumira ndi borescope (kachipangizo koonera mkati mwa silinda), valavuyo ndi yofiirira mofanana kuzungulira konse, palibe kachigamba kobiriwira m'mphepete kosonyeza kupsa. Kodi tiulutse kaye ndegeyo, tiyezenso injini ikadali yotentha? Nanga kupala valavu kuti izitseka bwino silinda ili pomwepo kumathandizadi? Amene munayesapo, zinatha bwanji?