Kapeti ikumatuka m'Canter yakale: tiimange bwanji?

Mmisiri wa mipando, Mpondasi:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Kwabwera Mitsubishi Canter yakale yomwe imanyamula nsomba kuchokera ku Makanjira, ndipo mwiniwake akufuna kapeti yatsopano kutsogolo kokhala dalaivala. Amene anayala yakaleyo anangopaka guluu ponseponse, koma tsopano yamatuka kukhoma la kumbuyo kwa mipando ndi m'mbali mwa zitseko, ndipo nsonga ina yapindikira pansi pa buleki. Timapulasitiki tomwe tinkagwira m'mphepete tauma, moti tikungothetheka m'manja. Kodi ndibwereze guluu, kapena pali njira yokhalitsa kuposa imeneyi?

Mmisiri wa mipando, Monkey Bay:
Achimwene, guluu ndi wabwino ngati wapakidwa mwadongosolo. Ambiri amapaka pa fumbi ndi pa guluu wakale, kenako n'kumata nthawi yomweyo akadali wonyowa. Palani chitsulocho mpaka chiyere, muchipukute ndi thinazi, mupake mbali zonse ziwiri, kuchitsulo ndi kumsana kwa kapeti, ndipo mudikire mphindi 10 kapena 15 kufikira mutakhudza ndi chala osatsalira guluu kuchalako. Pomata yambirani pakati n'kumapita kunja, chifukwa zikangokhudzana sizisunthikanso. Zitseko zikhale zotsekula, ndipo wowotcherera kapena wosuta fodya asayandikire, pakuti nthunzi yake siichedwa kuyaka.

Makaniko wamkulu, Mangochi Boma:
Zimene anenazi n'zoona pa khoma la kumbuyo, koma pansi ine ndikukana. Kumbukirani kuti Canter injini yake ili kunsi kwa mipando. Galimoto ikamakwera mapiri a Chowe popita ku Namwera mwezi wa Okutobala, chitsulo chozungulira injinicho chimatentha moti dzanja silingakhalepo, ndipo guluu wamba amafewa, kapeti n'kuyamba kutsetsereka. Ngati mukufuna guluu pamalo amenewo, funsani wolembedwa pachitini kuti amapirira kutentha.

Vuto lalikulu koposa ndi madzi. Anyamata a nsomba amakwera ndi mapazi onyowa ndi mchenga wa kunyanja, ndipo kapeti yomatidwa kotheratu imasunga chinyezi chimenecho pa chitsulo. Ndakhala ndikusenda makapeti otero n'kupeza pansi pomwe dalaivala amaika chidendene padyeka ndi dzimbiri mpaka kuonekera msewu. Choncho yambani mwachotsa dzimbiri ndi bulashi ya waya, mupake penti yoteteza ku dzimbiri yotchedwa red oxide, iume bwino, ndipo kapeti ya pansiyo imangidwe m'njira yoti mwiniwake azitha kuichotsa n'kukaiyanika padzuwa.

Mmisiri wa mipando, Mpondasi:
Zikomo bambo. Nanga popanda guluu, msewu wa ku Makanjira ndi mabampu akewo, chidzaigwira n'chiyani?

Makaniko wamkulu, Mangochi Boma:
M'mbali mwa zitseko ikani timizere ta aluminiyamu topanikiza mphepete mwa kapeti, tomangidwa ndi masikuluwu aafupi. Gwiritsani ntchito mabowo akale a timapulasitiki tija musanaganize zoboola atsopano. Mukakakamizika kuboola, dzutsani kaye mutu wa galimotoyo muone kunsi, chifukwa kumeneko kumadutsa mawaya a magetsi ndi timapaipi ta buleki, ndipo bowo limodzi lolakwika likhoza kupha anthu pamsewu. Bowo lililonse latsopano lipakidwe penti lisanalandire sikuluwu.

Mayi wosoka matenti ndi mipando, Namwera:
Ndiwonjezepo za kapeti yeniyeniyo, poti nsalu ndiyo ntchito yanga. Musaboole kapeti ndi makina oboolera, chifukwa ulusi umakulungika kumsomali wake n'kusolola mzere wonse. Tenthetsani msomali, muboole nawo. M'mphepete mwa bowolo mumasungunuka n'kuuma, ndipo simusosokanso. Musanadule, jambulani pansipo pa katoni, muyese katoniyo mpaka ikhale bwino mozungulira giya ndi handibuleki, ndipo pokhapo mudule kapeti. Mphepete zonse musokerere kansalu ka leza.

Pakati, pomwe palibe mzere wa aluminiyamu, ine ndimaika mabatani achitsulo opanikiza, amene timaika pa matenti aja: mbali imodzi imamangidwa pansi ndi liveti, inayo pa kapeti. Pansi pa batani lililonse ikanipo kachidutswa ka leza kuti lisang'ambe kapeti pokoka. Awiri mwa mabataniwo akhale kutsogolo kwa mpando wa dalaivala, kuti ngakhale atapondaponda motani kapeti isakwawire ku buleki ndi ku kilatchi.

Mmisiri wa mipando, Monkey Bay:
Pa za pansi ndavomera, mayi. Koma chenjezo langa ndi la mabawuti a mipando: kapeti isapanikizidwe pakati pa mwendo wa mpando ndi chitsulo, chifukwa ikaphwa bawutiyo imakhwefuka. Dulani mozungulira kuti chitsulo chikhale pa chitsulo chinzake.

Mmisiri wa mipando, Mpondasi:
Ndathokoza nonse. Khoma la kumbuyo ndimata ndi guluu wopirira kutentha, pansi ndiika mabatani ndi timizere tija. Ndasenda kapeti yakale ndipo dzimbiri ndalipeza kumbali ya dalaivala, koma silinaboole. Mayi a ku Namwera, mabatani osachita dzimbiri mumawagula konkuno, kapena ndiitanitse ku Limbe?